Nsapato za Elube

Tsiku limene ndinanyamuka kupita ku Joni kunali chiperoni. Phiri la Soche silinkaoneka n'komwe, ndipo kamvula kowaza kaja kankagwa pa malata a ku Wenela mwakachetechete ngati munthu akusefa ufa. Oyitanira maminibasi ankakuwa ndi mawu osasa, Limbe, Ndirande, Chilomoni. Mayi wina ankatsatsa mazira owiritsa, ndipo injini ya basi yathu inkangolira pamalo amodzi. Koma phokoso limene latsala m'makutu mwanga mpaka lero ndi laling'ono: mapatapata a mkazi wanga Elube akumenya zidendene zake pamene ankayenda patsogolo panga atasenza chikwama changa.

Ndinamuuza kuti andipatse chikwamacho. Anakana.

"Mukasenza nokha kumeneko, bambo a Tamanda. Lero ndisiyeni."

Tinkakhala ku Manja, m'nyumba ya lendi. Kampani imene ndinkagwirako ntchito ku Ginnery Corner inali itatsekedwa, mwana wathu Tamanda anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo nyumba yonse inkayang'ana kwa Elube. Iye ankagulitsa m'sitolo ina ku Limbe, ya mbale, matambula, misomali, penti ndi mabeseni. Ankaima chiimire kuyambira potsegula mpaka potseka. Chaka chomwecho kuchipatala anali atamupeza ndi matenda a shuga, omwe anatenganso mayi ake iye adakali wamng'ono.

Munthu wopita ku Joni amanyamuka ndi zingwe m'thumba. Wachibale aliyense amayeza phazi lake ndi kachingwe, n'kumanga mfundo pothera chala chachikulu, n'kukupatsa kuti ukamugulire nsapato. Mlamu wanga Wyson, mchimwene wake wa Elube, anandipatsa chake cha khonje. A Dorofe, mkulu wake wa Elube amene anamulera mayi awo atamwalira, anandipatsa chawo cha ulusi wolukira. Elube analibe chingwe. Kondakitala atayamba kuyitana, iye anawerama, n'kung'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chake, n'kuyeza phazi lamanzere pomwepo pamatope. Anamanga mfundo ziwiri, ina ya m'litali, ina ya m'lifupi, chifukwa phazi limenelo linali ndi fupa lotukuka pambali pa chala chachikulu, ndipo nsapato zambiri zinkamuluma pamenepo. N'chifukwa chake ankangokhalira mapatapata.

"Musafulumire nazo," anatero. "Muyambe mwana."

Kansaluko ndinakaika m'Baibulo, pa Masalimo.

Ku Joni ndinafikira m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Tinkagona pansi, ndipo chisanu cha kumeneko chinkabwera kuchokera m'simenti n'kulowa m'mafupa. Amene anandilandira anali Che Saidi, mwamuna wa ku Mangochi, wamkulu kwa ine, wanthabwala kwambiri. Iye akayala mkeka wake wopempherera, ine ndinkatsegula Baibulo langa, ndipo tinkapatsana malo popanda kukambirana. Ankanditcha Abusa. Ine ndinkamutcha Ashehe. Ndiye amene anandipezera ntchito m'sitolo yaikulu imene iye ankagwiramo, yogulitsa zakudya ndi zapanyumba, kwa ogula pang'ono ndi opikula omwe.

Ntchito yake inali yotsitsa makatoni, kusanja m'mashelefu, kukolopa, ndi kukoka ngolo zachitsulo zodzaza ndi matumba a mpunga. Pansi panali matailosi oyera osalala. Mafiriji ankadontha madzi. Mwini wake ankapereka majombo kwa antchito okhala ndi mapepala okha. Ife enafe tinkadzionera tokha.

Tsiku loyamba ndinavala nsapato zanga za ukwati, zosongoka kutsogolo, zapansi posalala. Ndinazipolisha bwino kuti bwana aone kuti ndine munthu waulemu. Che Saidi anaziyang'ana n'kugwira pakamwa.

"Abusa, mwabwera kudzalalikira kapena kudzanyamula makatoni?"

"Ndi zokhazi zimene ndili nazo."

"Zikuphani izi. Taonani."

Anavula jombo lake lakumanja. Zala ziwiri panalibe.

"Zinatsala m'sitolo ina yakale, pansi pa ngolo ya shuga. Mwina anazigulitsa limodzi ndi shugayo. Munthu wa m'sitolo amadya ndi mapazi, Abusa. Manja ukavulala umamanga nsalu n'kupitiriza. Phazi likapita, nawenso wapita."

Ndinaseka naye, koma nsapato zina ndinalibe, ndipo ndalama zoyamba zimene ndinkapeza zinkapita kusukulu ya Tamanda. Ndinkabwerera madzulo mapazi atatupa, matuza ataphulika m'masokosi. Ndinkawaviika m'madzi amchere, iye akundiseka kuti ndikuphika mapazi a ng'ombe.

Sizinatenge nthawi. M'mawa wina botolo la mafuta ophikira linasweka pakona ya shelefu, munthu wina n'kupukuta mwapatalipatali. Ine ndinkabwera nditasenza katoni ya nsomba za m'zitini. Ndinangoona denga. Katoni ija inatera ndi ngodya pa chala changa chachikulu, ndipo chikhadabo chinasiyana ndi mnofu. Kujomba sikunali kotheka, chifukwa pakhomo la sitolo m'mawa uliwonse pankaima anthu ofuna malo a munthu amene sanabwere. Che Saidi anavula majombo ake, a chitsulo kumphuno, n'kundiponyera.

"Valani. Akukulirani, koma tifutsiramo nyuzipepala."

"Nanga inu?"

"Ine zala zoti ziphwanyike zinachepa kale."

Anagwira ntchito ndi nsapato zansalu zong'ambika mpaka pamene tinapeza majombo ena pa kaunjika. Aja ake sanawalandirenso.

Chalacho chitayamba kutukusira ndinapita kukiliniki. Namwino wake anali mayi wachikulire wosamwetulira. Akutsuka balalo anandifunsa ngati ndili ndi shuga.

"Ine ayi," ndinatero, "koma mayi akunyumba."

Anaika sizasi pansi. Anafunsa ntchito imene Elube ankagwira, ndinamuuza. Anafunsa zimene ankavala kumapazi, ndinamuuzanso. Anapukusa mutu. Chingerezi changa n'chopereperera, koma ndinamva zonse, chifukwa ankalankhula pang'onopang'ono akugwira phazi langa. Anati munthu wa shuga phazi lake limagona tulo. Angaponde msomali kapena galasi iye osamva kanthu, ndipo bala limenelo silipola msanga ngati la ena. Anati mkazi wotere asaime m'sitolo ndi zala pamtunda ngakhale tsiku limodzi. Apeze nsapato zotseka, zotakasuka kutsogolo, zofewa m'kati, za mphira yokhuthala pansi.

"Mankhwala ake oyamba ndi amenewo," anatero. "Mapiritsi abwera pambuyo."

Madzulo amenewo ndinatsegula pa Masalimo n'kutulutsa kansalu kaja.

Tinapita ndi Che Saidi Lamlungu lina masana, nditachoka kutchalitchi. Tinalowa sitolo iyi n'kutuluka, kulowa ina n'kutuluka. Iye ankatenga nsapato n'kuipinda kuti aone ngati mphira yake ikugonja. Ankalowetsa dzanja m'kati kufufuza msoko woti n'kukanda khungu. Pena analavulira pang'ono pa matailosi n'kukhutiza nsapato pamenepo kuti aone ngati ikuterera, mtsikana wogulitsa n'kutikalipira m'chilankhulo chakwawo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ndinu mwamuna wabwino, akufuna mumukwatire."

Pomaliza tinazipeza. Zakuda, zazingwe, zopanda chidendene chachitali, zopanda chokongoletsa chilichonse. M'litali zinagwirizana ndi mfundo yoyamba. M'lifupi yamanzere inaperewera pang'ono. Tinapita nayo kwa mkulu wina wosoka nsapato pambali pa msewu, amene anatumbula pambali pa chala chachikulu n'kuikapo kachikopa kofewa kuti fupa lija lipeze malo. Ulusi wakuda unali utamuthera, ndiye anasoka ndi wofiirira. Anapepesa. Ndinati palibe kanthu, sizopita nazo ku mpikisano.

Ndinazitumiza pa anyamata onyamula katundu wa ku Malawi, m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, pamodzi ndi sopo, mafuta ndi bulangeti. Wokalandira ku Wenela anali Wyson. Ndinamuimbira foni.

"Alamu, muli nsapato zakuda mmenemo. Zimenezo ndi za mayi a Tamanda, zovala kuntchito tsiku lililonse. Si zatchalitchi ayi. Namwino wanena kuti ndi mankhwala."

"Mankhwala!" anaseka. "Akamwera madzi kapena tiyi?"

"Ndikunena zoona, alamu."

"Tamva, tamva. Nanga zathu zija?"

"Zikubwera ulendo wotsatira."

Ndipo zinapitadi. Wyson ndinamugulira zofiirira. A Dorofe ndinawagulira zonyezimira za kachidendene, monga anapempha.

Elube atalandira zake anandiimbira mawu ali mwaa.

"Bambo a Tamanda, ndikumva ngati ndikuponda pa thonje. Anzanga kusitolo akuti ndakhala bwana."

"Muzivala tsiku lililonse, mayi. Ndi masokosi."

"Ndamva."

Zaka zinapita. Za kumeneko zimene ndimakumbukira n'zoduladula. Ndimakumbuka fungo la parafini m'zovala zathu. Ndimakumbuka kuthawa apolisi podutsa m'ngalande, majombo akulemera ngati miyala. Nthawi ina kunabuka chipolowe chothamangitsa alendo, ndipo tinabisala m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a ufa, tikumva magalasi akusweka panja. Che Saidi ankanong'ona mapemphero ake, ine anga. Zitatha anati, "Abusa, sitidziwa kuti ayankhidwa ndani, ndiye tigawane theka theka." Ndimakumbuka mnyamata wa ku Nsanje amene tinamusonkhera kuti mtembo wake upite kwawo. Kubwera kunyumba sindinkabwera, chifukwa wopanda mapepala akatuluka sadziwa ngati adzalowanso. Tamanda anamaliza sekondale ine ndikumuona pa foni basi.

Nthawi zonse ndikaimba, ndisanatsanzike, ndinkafunsa funso limodzi.

"Mwavala?"

"Ndavala, bambo."

Tsiku lina ndinati anditumizire chithunzi, ndione ngati mphira yadyeka kuti ndifune zina. Chinabwera patapita masiku. Nsapato ziwiri zitakhala bwinobwino pa mkeka, zopolishidwa, mphira yake ikadali yatsopano. Ndinamuonetsa Che Saidi.

"Akazi anu amauluka kapena amayenda?" anafunsa.

Ine ndinangonyadira kuti tinasankha zolimba. Mkekawo sindinauyang'anitsitse.

Kenaka Elube anatchula za kachilonda.

"N'kakang'ono, musadandaule. Sikakupweteka n'komwe."

Mawu akuti sikakupweteka anandikumbutsa namwino uja. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Anati apita Loweruka, poti kusitolo kunali kotanganidwa. Amene anadzandiimbira pambuyo pake anali Tamanda. Anati amayi agonekedwa. Anati achotsa chala. Nditaimbanso anati madokotala ayesetsa koma achotsa phazi lonse, kulekeza m'munsi mwa bondo. Linali lamanzere, lija anayeza pamatope ku Wenela.

Che Saidi anandiperekeza kokwerera basi. Sananene nthabwala. Anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Pitani, achimwene." Aka kanali koyamba kusanditcha Abusa.

Tinadutsa ku Tete kukutentha ngati m'ng'anjo. Titafika pa Mwanza foni yanga inagwira, ndipo mauthenga analowa motsatizana. Ndinawerenga woyamba wokha. Ndinakhala pansi pambali pa basi, pafumbi, mpaka mayi wina amene sindinkamudziwa anandidzutsa n'kundikweza.

Maliro anachitikira ku Manja. Kunali kotentha, mitambo ya mvula itaunjikana koma osagwa. Munthu wofedwa sayang'ana nkhope za anthu. Amaweramitsa mutu, ndipo chimene amaona ndi mapazi. Ndinaona mapazi ambiri tsiku limenelo, a fumbi, a ming'alu, a nsapato zobwereka. Amayi a kumpingo, atavala zoyera ndi zakuda, anayamba kuzungulira bokosi akuyimba, atanyamula nkhata za maluwa. Mapazi awo ankadutsa patsogolo panga pang'onopang'ono. Ndipo zinadutsa nsapato zakuda zazingwe, yamanzere ili ndi kachikopa pambali, kosokedwa ndi ulusi wofiirira.

Ndinakweza maso. Anali a Dorofe. Ankalira zenizeni, misozi mpaka m'khosi.

Ndinadziuza kuti mwina azitenga m'mawa womwewo, poti yunifolomu imafuna nsapato zakuda. Munthu sagamula mlandu pamaliro.

Patapita masiku ndinapita ku Limbe kukatenga zinthu za Elube kusitolo: ambulera, kapu, juzi. Mayi amene ankagwira naye ntchito anandipatsa mpando kuseri kwa kauntala. Ndinamufunsa mmene zinayambira.

"Tinkatsegula bokosi la matambula," anatero. "Thabwa linagwa pansi misomali ili m'mwamba. Ife sitinaone. Patapita nthawi ndinaona madontho pansi, kuchokera kushelefu mpaka pakhomo. Ndinati, Elube, magazi awa ndi a ndani? Iye n'kumayang'ana makasitomala. Titamuvula patapata tinapeza msomali waboola mphira n'kulowa m'phazi. Iye osamva chilichonse."

"Patapata?"

"Eya."

"Nanga nsapato zakuda?"

Mayiyo anayang'ana kumbali. "Zija za ku Joni? Anangovala masiku oyambirira. Kenaka anati asinthana ndi akulu ake. Zimene anamupatsazo zinkamukana phazi lamanzere, ndiye anabwerera ku mapatapata. Ndinkayesa mukudziwa."

Ndinatuluka ndi ambulera ija m'manja. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Limbe, kudutsa maminibasi onse amene ankandiyitana. Panjira ndinatsegula chithunzi chija pa foni. Mkekawo unali wa mizere yobiriwira. Kwathu tinalibe mkeka wotero. Unali wa kwa a Dorofe. Mkazi wanga anachita kukwera minibasi kukajambula nsapato zake kunyumba ya mkulu wake kuti mtima wanga ukhale pansi.

Tsiku londisudzula litafika, akuchikazi anasonkhana pakhonde monga mwa mwambo, kuti andimasule. Ankhoswe anafunsa ngati panali wina wokhala ndi zakukhosi.

"Bambo a Tamanda, ngati muli ndi mawu, nthawi yake ndi ino."

Wyson ankayang'ana foni yake. A Dorofe anali atavala mapatapata. Tamanda, amene ndinali nditamuuza zonse, ankandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Lero ndilibe mawu," ndinatero.

Anthu atabalalika mwanayo anandikalipira koyamba m'moyo wake.

"Ababa, mwangowasiya? Anapha amayi anthu amenewa!"

"Mawu otuluka mtima ukuwira sabwerera m'kamwa, mwana wanga."

"Ndiye mudzalankhula liti?"

"Sindikudziwa."

Ndinkanena zoona. Ku Joni sindinabwererenso. Ndinapeza ntchito m'sitolo yopikulitsa ku Ginnery Corner, ndipo ndinkapita nditavala majombo a Che Saidi. Achinyamata ankandiseka kuti ndine msilikali. Iwo ankakoka ngolo atavala masilipasi. Ndinkawauza kamodzi, kawiri, kenaka n'kuwavulira jombo kuti aone chikhadabo changa chopindika. Ena ankamva, ena ayi.

Abale anali atasintha. Kale foni yanga ikalira ku Joni ankakhala Wyson, alamu muli bwanji, alamu kukuzizira kumeneko? Tsopano akandiona m'tauni ankawoloka msewu. A Dorofe anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi. Tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo tikatuluka aliyense ankafuna khomo lake.

Ine ndinasiya kudya mgonero. Kwathu timaphunzitsidwa kuti munthu asayandikire gome la Ambuye ali ndi chakukhosi ndi mbale wake. Mkate ukamabwera pamzere wathu ndinkapinda manja n'kuupatsira kwa wina. Mkulu wa mpingo wa dera lathu anabwera kunyumba kudzafunsa. Ndinamuuza kuti pali kanthu kamene sindinakameze. Anapemphera n'kupita. Ndinkafuna kukhululuka, koma ndikatseka maso ndinkaona ulusi wofiirira uja. Ndipo chimene chinkandiwawa koposa sichinali cha a Dorofe. Chinali chakuti ndinafunsa kambirimbiri kuti mwavala, ndipo Elube, amene sanandinamizepo pa chinthu china chilichonse, ankati ndavala. Ndinkakwiyira munthu amene ali m'manda, ndipo zimenezo sindikanatha kuuza mkulu wa mpingo.

Chiperoni chinabweranso. Loweruka lina masana, mawa lake kuli mgonero, ndinali pakhonde ndikupaka polishi majombo. Ndinamva phokoso la mapatapata akumenya zidendene, likubwera m'kanjira ka kuseri. Ndinasiya kupaka, chifukwa mayendedwe ake anali omwe aja a Elube. Anali a Dorofe, Wyson ali pambuyo pawo.

"Odi, alamu."

"Fikani."

Ndinatulutsa mipando. Anaikana. A Dorofe anakhala pansi pasimenti yozizira, Wyson pa sitepe. A Dorofe anamasula kamtolo ka chitenje n'kukankhira patsogolo panga. Munali nsapato zija, zopolishidwa, zingwe zitamangidwa pamodzi.

Tamanda anaima pakhomo atapinda manja.

"Alamu," anayamba a Dorofe, "ine ndinazibwereka pa msonkhano wa amayi, poti zanga zija munatumiza zinali zokongola koma zinkandiwotcha. Nditavala izi sindinafune kuvula. Ndinati, ine ndi mng'ono wanga phazi ndi limodzi, tisinthane. Kuyambira ali mwana tinkasinthana zovala. Ndinati nsapato zabwino chonchi n'kumakapondera fumbi la penti ku Limbe?"

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Anabwera kudzazipempha. Anati, akulu, bambo a Tamanda akumafunsa. Ine ndinati, ndinakulera ndikuyenda chosavala, lero wayamba kundiwerengera nsapato? Sanabwerezenso. Mawu amenewo ndi anga, alamu. Ndimagona nawo, ndimadzuka nawo."

Wyson analankhula akuyang'ana pansi.

"Anabweranso kwa ine kuti ndikawalankhule achemwali. Ine mawu anu aja ndinawamva bwinobwino pa foni. Koma ndinati anthu akakhalitsa ku Joni amakokomeza zinthu. Ndinamuuza kuti asayambanitse banja chifukwa cha nsapato. Ndinaseka, alamu."

"Ndipo inu simunauzidwe," anawonjezera a Dorofe, "chifukwa iye anati, mwamuna wanga ali yekha kutali, akamva adana ndi abale anga, ndipo akadzabwera adzapeza alibe anthu."

Tamanda analowa m'nyumba. Ndinamva akulira kuchipinda.

Ine mutu unali pansi, monga wakhalira chimwalirire Elube, ndiye ndinkaona mapazi. A Dorofe amagulitsa tomato mumsika wa Limbe, m'matope ndi m'zinyalala. Zidendene zawo zinali zong'ambikang'ambika. Pa chala chapakati cha phazi lamanja anali atamangapo kansalu, ndipo kansaluko kanali konyowa.

"Chala icho chatani?"

Anachibisa pansi pa chitenje. "Ndinapunthwa kumsika. N'kakang'ono. Sikakupweteka n'komwe."

Ndinayang'ana Wyson. "Achemwali anuwa anayezetsa shuga?"

"Anawapeza nayo chaka chatha. Maliro atangotha."

"Ndiye chiyambire nthawi imeneyo akuyenda ndi mapatapata?"

"Akuti nsapatozi sangazivalenso. Akuti zimawayang'ana."

Ndinakhala ndikuyang'ana kachikopa kaja ndi ulusi wake wofiirira. Ndinakumbuka Che Saidi akulavulira pa matailosi, ndi namwino uja akuika sizasi pansi. Nsapatozo tinazifunafuna tsiku lonse kuti zisunge phazi la mng'ono wake wa mayi ameneyu. Zinali pakati pathu, zosavala aliyense, phazi lina la m'nyumba yomweyo likuyamba kuwola.

Ndinayitana Tamanda. Anatuluka maso atatupa.

"Tenthetsa madzi, uthiremo mchere. Ubweretsenso masokosi a amayi ako, ali m'sutikesi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapita kukayatsa mbaula.

Ndinamasula mfundo ya zingwe n'kuika nsapatozo pafupi ndi mapazi a a Dorofe.

"Alamu, musandichite zimenezi," anatero. "Bola munditukwane."

"Valani. Osati kutchalitchi kokha. Kumsika, tsiku lililonse, ndi masokosi. Ndipo inu a Wyson, mukachoka pano musapite kunyumba. Mupite nawo kuchipatala lero lomwe, osati Lolemba."

"Tipita, alamu."

"Ndidzafunsa. Ndipo ndikafunsa, musandiyankhe pa foni. Ndidzabwera kumsika kudzaona ndi maso."

Tamanda anabwera ndi beseni. Anagwada yekha, osauzidwa, n'kumasula kansalu kaja pa chala cha mayi ake aakulu. Sanalankhule nawo, koma anatsuka mosamala. Atavala, a Dorofe anaimirira atagwira mzati wa khonde. Anatsika sitepe, Wyson atawagwira mkono, ndipo anatuluka m'kanjira kaja popanda phokoso lililonse. Mapatapata awo anatsala pakhonde. Ndinawatola n'kuwaponya m'dzala.

Chalacho madokotala anachipulumutsa. Che Saidi nditamuuza pa foni anati, "Abusa, ulaliki umenewo ndiye woyamba wanu umene ndaumva." Kansalu ka mfundo ziwiri kakadali pa Masalimo.

Mawa lake la Loweruka lija, mkate wa mgonero utafika pamzere wathu, ndinatambasula dzanja. A Dorofe, Wyson, ndi Elube yemwe amene anandibisira, ndinawakhululukira.